Mwati galimoto yanu "imangonunkhiza mafuta"? Ndani anayeza?

Sabata ino ndabwera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo wanga uli pa mawu awiri amene mwawamvapo nonse, mwina ena mwa inu mwawalembapo pa Facebook pogulitsa galimoto: "imanunkhiza mafuta." Ena amati "siyimwa," ena amati "lita imodzi mufika nayo kumudzi n'kubwerera." Akangowonjezera liwu loti hybrid, basi, wogula nzeru zonse zathawa. Ine ndikuti mawu amenewa akutibera ndalama, ndipo choipa kwambiri n'choti ambiri timabedwa tikuseka.

Ndiyambe ndi zomwe zinandionekera, kuti musati ndikungobwebweta.

Mu Novembala 2024, nthawi imene mafuta anasowa dziko lonse mpaka anthu kumagona pamizere, banja lathu la kwa Mauwa ku Chiradzulu linali ndi chinkhoswe ku Lilongwe. Mlamu wanga, amene anakhalitsa ku Joni, anali atangoitanitsa Toyota Crown ya hybrid kuchokera ku Japan. Galimoto yokongola zedi, yoyera mbee, mipando yachikopa, ikamachoka osamva n'phokoso lomwe, ana a pamsika ankaithamangira. Pa pepala la fakitale analemba kuti imayenda makilomita 23.2 pa lita imodzi. Mlamu anatenga foni n'kuwerengera: ulendo wa makilomita pafupifupi 350, ndiye kuti malita 15 akwana. Atagona pamzere ku Limbe anapeza malita 18, n'kubwera akumwetulira kuti atatu enawo ndi ozungulira nawo mu Area 25.

Ndinawafunsa kuti, "Alamu, tikwanadi?" Iwo anati, "Aaa, inu khalani phee, iyi si minibasi."

Tinakwera anthu asanu, kubuti tinaikako thumba la mpunga, madengu, zikwama. Kunali kotentha ndiye eyakoni inali yoyatsa ulendo wonse. Titawoloka Shire pa Zalewa mlamu anaponda, singano n'kumasewera pa 120 paliponse pamene msewu walola. Nyali ya mafuta inayaka tisanafike pa Dedza. Tisanafike pa Linthipe galimoto inayamba kulira machenjezo, tinaimika pambali. Apongozi atakhala pansi pa mtengo ndi nkhuku yawo ya chinkhoswe, ine ndi mlamu tinakwera kabaza kukasaka anyamata a zigubu, ndipo mtengo umene tinalipira pa malita asanu sindiutchula pano, mungandiseke. Pampu nthawi imeneyo inali pa K2,530 pa lita. Ku chinkhoswe tinafika anthu atayamba kale kufupa.

Malita 18 anatiyendetsa makilomita pafupifupi 270. Gawani nokha: makilomita 15 pa lita. Mlamu mpaka lero amati anamugulitsa galimoto yodwala. Ine ndikuti galimotoyo ilibe vuto lililonse. Vuto ndi loti iye anakhulupirira nambala osafunsa kuti nambalayo inachokera kuti.

Tamverani komwe inachokera. Magalimoto ambiri a hybrid amene adzaza m'misewu yathu, ma Aqua, ma Prius, ma Fit, ma Crown, a zaka za pakati pa 2011 ndi 2018, nambala zawo za mafuta anaziyeza ndi muyeso wa boma la Japan wotchedwa JC08. Galimoto sapita nayo pamsewu ayi. Amaiika m'nyumba, matayala ake n'kumazungulira pa zogudubuza, kwa mphindi 20 zokha, mtunda wa makilomita 8 ndi pang'ono. Liwiro lapakati pa muyeso wonsewo ndi makilomita 24.4 pa ola. Mwamva? Makilomita 24 pa ola, liwiro loti mnyamata wa kabaza wanjinga akadya bwino amalifika pamtsetse. Pamene yathamangitsitsa imangokhudza 81.6 kwa kanthawi kochepa n'kutsikanso. Eyakoni yozima. Mulibe thumba la mpunga, mulibe apongozi, mulibe chitunda cha ku Dedza. Nambala ya 23.2 ya Crown, ngakhale 35.4 imene Aqua inatuluka nayo mu 2011, ndi ya ulendo umenewo. Si bodza, koma ndi yankho la funso lina, osati funso lanu la Blantyre mpaka Lilongwe. A ku Japan eni ake anaona kuti nambalazi zikusiyana kwambiri ndi za pamsewu, ndipo kuyambira 2018 anasamukira ku muyeso wina wa WLTC umene umapereka nambala zotsikirapo. Koma ife timagula galimoto zakalezo pamodzi ndi nambala zake zakalezo.

Ndiye n'chifukwa chiyani hybrid imawala chonchi pa muyeso wa pang'onopang'ono? Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Timaganiza kuti batire lalikulu lija ndi thanki yachiwiri, kuti galimoto ikuyendera magetsi aulere. Ayi ndithu. Hybrid ya mtundu uwu simuilumikiza ku ESCOM. Mphamvu iliyonse imene ili m'batiremo inachokera ku petulo yemweyo munagula. Ndipo batirelo ndi laling'ono kuposa mmene mukuganizira: la Prius ya 2010 limasunga pafupifupi 1.3 kWh, pamene lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi 9 kWh. Ndiye kuti batire lonse lodzaza silikufika n'kapu imodzi ya petulo. Ntchito yake ndi kutola zotayika. Mukaponda buleki, galimoto wamba imasandutsa liwiro lanu kukhala kutentha kwa mabuleki, n'kutayika. Hybrid imagwiritsa ntchito mota yake ngati jenereta, n'kubweza gawo la mphamvuyo m'batire. Mukaima pamaloboti kapena pamzere wa magalimoto, injini imazima. Mukamanyamuka, mota imathandiza injini pa nthawi imene injini ya petulo imawononga mafuta kwambiri. Ndi mayi wosamala amene amatola ufa wogwera pamphasa. Mu Limbe madzulo, pamene mumayenda mamita khumi n'kuima, mamita khumi n'kuima, ufa wogwa ndi wambiri, ndipo hybrid imachita zodabwitsa. Oyendetsa ma taxi a Aqua ndi Sienta m'tauni sakunama akamaitamanda.

Tsopano tulukani m'tauni, mudutse Lunzu, mudutse Lirangwe, msewu utseguke. Simukupondanso buleki, ndiye palibe chotola. Simukuimanso, ndiye injini siizima. Chimene chatsala ndi injini ya petulo ya malita 2.5 ikukoka galimoto yolemera kuposa tani imodzi ndi theka, batire ndi mota zili momwemo ngati alendo ongokwera. Ndipo mdani wamkulu panopa ndi mphepo. Tulutsani dzanja pawindo pa 60, kenako pa 120, mumva nokha. Mphamvu imene mpweya umakankhira galimoto siikwera mofanana ndi liwiro, imakwera mochulukitsa liwirolo ndi lokha. Kuchoka pa 80 kufika pa 100, kukankhako kwakwera ndi theka n'kupitirira. Kuchoka pa 80 kufika pa 120, kwawirikiza kawiri ndi kota. Lamulo limeneli silisankha kuti iyi ndi Lexus kapena ndi Probox. Mipando yachikopa siilichotsa. Chizindikiro cha buluu chija cholembedwa hybrid kumbuyo sichilichotsanso.

Onjezani za kwathu kuno. Kuchoka pa mlatho wa Zalewa mpaka pa Dedza, tauni imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ulendo ndi wokwera. Ku Malawi kuno petulo timamusakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, kenako PressCane ya ku Chikwawa inabwera mu 2004. Ndi nzeru yabwino yopulumutsa ndalama zakunja, sindikutsutsa, koma lita ya ethanol ili ndi magawo awiri okha mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo, ndiye mafuta osakaniza amakuyendetsani mtunda wocheperako pang'ono. Batire la galimoto ya 2013 lakalamba zaka zoposa khumi. Matayala ambiri tikuyendera ndi a kaunjika, mpweya wake timayeza ndi chidendene. Zonsezi zikudya pa nambala ija, chilichonse kachidutswa kake.

Mwina wina anena kuti izi ndi za ife osauka ogula zotha ntchito, azungu ogula zatsopano sakumana nazo. Bodza. Ku America, kampani ya Ford inagulitsa Lincoln MKZ Hybrid, galimoto yapamwamba ya mabwana, ikulengeza mamailosi 45 pa galoni. Mu Juni 2014 kampaniyo inavomera kuti inalakwitsa poyeza, n'kutsitsa nambalayo kufika pa 38. M'chiyankhulo chathu, kuchoka pa makilomita 19 pa lita kufika pa 16. Ndipo inabweza ndalama kwa ogula, mpaka madola 1,050 pa munthu. Mu Epulo 2016 Mitsubishi ku Japan inavomera kuti inkasintha dala nambala za mafuta pa magalimoto ake ang'onoang'ono. Kusiyana kwa iwo ndi ife n'kumodzi: iwo anayeza, anaona kuti sizikugwirizana, anakuwa. Ife tikaona mafuta atha msanga timati a papampu atibera, kapena makaniko waikhudza, kapena, mundikhululukire, wina kumudzi waiponyera diso.

Apa ndiye pali mkwiyo wanga weniweni, ndipo sukupita kwa a ku Japan. Ukubwera kwa ife. Funsani mwini galimoto aliyense m'gulu muno kuti galimoto yake imayenda makilomita angati pa lita. Ambiri ayankha kuti, "Ndikathira a twente sauzande ndimatha sabata." Sabata yopita kuti? Twente sauzande ya liti, popeza mtengo wa lita unasintha? Timagula mafuta m'makwacha, timayeza ulendo m'masiku, ndiye dobadoba akatiuza kuti "imanunkhiza" tilibe chomutsutsa nacho. Munthu yemweyu akamagula chimanga pa Mauwa amakana chigoba chophwanyika, amafuna ndowa yodzaza mpaka pamwamba, amakangana pa kambale kamodzi. Koma pa galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri, imene wailipirira msonkho ku MRA, wailipirira woiyendetsa kuchoka ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, akungomvera mawu a mnyamata wa pa WhatsApp amene sanaiyendetsepo kupitirira pa Kameza.

Ndipo tinene zoona, ambiri ogula Crown, Camry kapena Lexus ya hybrid sakufuna kupulumutsa mafuta. Akufuna ulemu wa galimoto yaikulu, koma akufunanso chowauza akazi awo kunyumba. Liwu loti hybrid ndi chikhululukiro. Wofunadi kupulumutsa mafuta akanagula kagalimoto kopepuka n'kumayenda pa 90. Palibe cholakwa kufuna galimoto yabwino, ndalama ndi zanu, munazivutikira. Koma musatiuze kuti ng'ombe yanu imadya ngati mbuzi chifukwa choti mwaiveka belu la mbuzi.

Musandimve molakwa, a gulu lija lomwe limati hybrid ndi zachabechabe, batire likafa mwataya galimoto, bola Corolla yakale. Inunso simunayeze. Crown ya mlamu wanga, itanyamula anthu asanu ndi katundu, eyakoni ikupuma, pa 120, kukwera mapiri, inapereka makilomita 15 pa lita. Crown inzake ya chaka chomwecho ya injini ya V6 yopanda batire, ngakhale pa muyeso wofewa uja wa JC08 siinkafika 12. Injini ya hybrid anaipanga mwa mtundu wosamala mafuta, ndipo phindu limenelo silithera m'tauni. Ndiye hybrid ikupambanabe pamsewu waukulu, kungoti ikupambana ndi pang'ono poyerekeza ndi zimene pepala likulonjeza. Makilomita 15 pa galimoto yaikulu chonchija ndi nambala yabwino. Inasanduka tsoka chifukwa munthu anathira mafuta a 23.

Pobwerera ndinaumirira kuti tiyeze. Tinapeza mwayi wodzaza thanki ku Lilongwe mpaka pampu inadzidula yokha, ndinabweza kawotchi ka ulendo pa ziro, ndipo ndinawagwira mlamu pa phewa kuti singano isapitirire 90. Anadandaula njira yonse kuti mabasi akutipitirira, ulemu wa galimoto ukutha. Patapita masiku atapeza mafuta ku Limbe tinadzazanso pampu mpaka kudula, n'kugawa makilomita ndi malita amene analowa. Inatuluka 19 ndi kadontho. Inde, ulendo wobwerera ndi wotsika kwambiri, ndipo mpunga unatsala ku Lilongwe, ndiye sindinganene kuti zonse n'chifukwa cha liwiro. Koma galimoto "yodwala" ija inachira popanda makaniko.

Kuyezako n'komweko, sikufuna sukulu: dzazani, ikani pa ziro, yendani, dzazaninso, gawani. Chitani kawiri kapena katatu, kamodzi m'tauni, kamodzi pa M1. Musadalire nambala ya padashibodi yokha, kawirikawiri imakomera mwini galimoto. Ndipo mafuta akakutherani pa hybrid, musaikakamize kuyendera batire kuti mufike patsogolo, mukalikhetsa lonse galimoto siidzalira ngakhale mutathira petulo, chifukwa batire lomwelo ndi limene limadzutsa injini. Tinachita mwayi pa Linthipe kuti mlamu anamvera n'kuzimitsa msanga.

Ndiye inu amene mukugulitsa Crown kapena Camry sabata ino, ndikuonani m'magulu ena aja, chotsani mawu oti "imanunkhiza." Lembani kuti munayenda kuchoka pati kufika pati, pa liwiro lanji, ndi anthu angati, ndipo inamwa malita angati. Amene muli ndi ma hybrid m'gulu muno, ndiponyereni nambala zanu m'munsimu, za m'tauni pazokha, za pa M1 pazokha, mutchulenso chaka cha galimoto. Wondiuza za "twente sauzande pa sabata" sindimuyankha. Mlamu wanga ali m'gulu lomwe lino, ndipo ndikudziwa kuti akuwerenga. Alamu, yambani ndinu.