Kompyuta yokana kuyaka sindiye kuti yafa

M'mashopu otayipa makalata, kupulinta ndi kupanga fotokope ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu ngakhale m'maboma monga Mulanje ndi Kasungu, kompyuta ya patebulo ndiyo khasu. Ikakana kuyaka m'mawa, malonda a tsikulo apita. Wofuna CV amabwerera, wa makadi a ukwati amaolokera shopu ya tsidya la msewu, pomwe lendi siidikira. Mantha amenewa ndiwo amaluzitsa amalonda ambiri. Amakweza bokosi lonse pa kabaza kupita kwa wokonza, ndipo akauzidwa kuti "motherboard yapsa" kapena "ikufunika kufomata", amangovomera chifukwa sadziwa pofunsira.

Wamalonda aliyense wodalira kompyuta ayenera kudziwa kuyeza yekha zinthu zingapo asadatulutse ndalama. Zipangizo za makinawa zimachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023, kusintha chipangizo chomwe sichidawonongeke n'kutaya phindu la masiku ambiri.

Poyambira ndi kuona ndi kumvetsera. Kompyuta imakana kuyaka m'njira zitatu: kukhala chete osawalitsa kanyali kalikonse, kuzungulitsa fani koma sikirini ili bii, kapena kuonetsa zolemba n'kulephera kufika pa Windows. Njira iliyonse imaloza malo ake, ndipo mtengo wokonzera umasiyana kutali.

Ikakhala chete, vuto kawirikawiri limakhala panjira ya magetsi. Soketi iyesedwe ndi chaja ya foni. Ekisitenshoni ichotsedwe kaye, chifukwa zotchipa za pamsika zimamasuka mkati. Pulagi ya mano atatu yomwe imagwiritsidwa ntchito m'dziko muno imakhala ndi fyuzi mkati mwake, ndipo fyuziyo ikapsa kompyuta imaoneka ngati yafa. Njira yachidule yodziwira ndi kubwereka chingwe cha monita, pakuti pa makina ambiri zingwe ziwirizi n'zofanana. Fyuzi yopsa isinthidwe ndi ina yatsopano. Chizolowezi chokulunga kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya pamalo pa fyuzi n'choopsa, chifukwa fyuzi idaikidwa kuti ipse yokha m'malo mwa makina kapena shopu yonse.

Kuseri kwa bokosi kumakhalanso switchi yolembedwa I ndi O, yomwe wosesa amatha kuikhudza osadziwa. Zonsezi zikakhala bwino, chingwe chizulidwe ndipo batani loyatsira lidinidwe kwa masekondi 30 kuti mphamvu yotsalira ithe, kenako n'kulumikizanso. Makina ena omwe adazima mwadzidzidzi magetsi atathima amadzuka ndi zimenezi zokha.

Ogula makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kusamala ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230 komwe kamapezeka pa makina ena akale. Magetsi a m'Malawi ndi a mavoti 230. Kompyuta yochokera ku America ikalumikizidwa kaswitchiko kali pa 115, power supply imaphulika nthawi yomweyo.

Ngati kuli ziii ndithu, wokayikiridwa woyamba ndi power supply, osati motherboard. Makina ambiri a Dell OptiPlex ali ndi kabatani koyesera kuseri, ndipo kanyali kake kakawala mobiriwira ndiye kuti gawoli lili moyo. Pogula ina, ndi bwino kunyamula yakufayo kupita nayo kusitolo, chifukwa makina ambiri a Dell ndi HP ali ndi mapulagi awoawo osagwirizana ndi power supply wamba ya mapini 24. Koma kabokosi ka power supply sikoyenera kutsegulidwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyi. Mkati mwake mumatsalira magetsi otha kuvulaza munthu ngakhale chingwe chitazulidwa.

Njira yachiwiri, ya fani kuzungulira sikirini ili mdima, ndi yomwe anthu amalipitsidwa nayo ndalama zambiri pa ntchito ya mphindi zochepa. Monita iyenera kuyesedwa payokha, ndipo chingwe cha VGA kapena HDMI chikankhidwe bwino mbali zonse ziwiri. Kompyuta yokhala ndi khadi yapadera ya zithunzi imakhala ndi malo awiri olowetsa chingwechi, ndipo chikalowa pamalo olakwika chithunzi sichibwera. Izi zimachitika kawirikawiri shopu ikangosamuka kumene.

Pambuyo pake pamabwera RAM, timatabwa titalitali tobayidwa pa motherboard. Fumbi la m'chilimwe, chinyezi cha m'dzinja ndi mabampu a pa kabaza zimachititsa kuti tisagwire bwino. Chingwe cha magetsi chikazulidwa, munthu agwire kaye chitsulo cha bokosi kuti achotse magetsi a m'thupi, atsegule tizingwinjiri ta m'mbali, azule RAM, apukute mano ake agolide ndi chofufutira cha pensulo, n'kuibwezera mpaka imveke kuti thwa. Ngati zilipo ziwiri, aziyese imodziimodzi. Makina ambiri amadandaula okha: ena amalira mobwerezabwereza, ena amaphethiritsa kanyali kachikasu kapena kofiira. Kawerengedwe ka kuliraku kamasiyana pakati pa Dell, HP ndi Lenovo, choncho chanzeru n'kuwerenga kuti yalira kangati n'kufufuza pa foni pamodzi ndi nambala ya mtundu wa makinawo. RAM yakufa isinthidwe ndi ya mtundu womwewo, chifukwa DDR3 siilowa pamalo a DDR4.

Pa motherboard palinso kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, ka mavoti 3. Kamatha pakapita zaka zingapo, ndipo chizindikiro chake ndi kompyuta kuiwala tsiku ndi nthawi kapena kupempha kuti munthu adine F1 ikamayaka. Kabatireka kamapezeka ngakhale kwa okonza mawotchi.

Njira yachitatu ndiyo yofunika kudekha kwambiri. Uthenga woti makina sakupeza poyambira umabwera nthawi zina chifukwa cha fulashi ya kasitomala yomwe idaiwalika pa USB, kapena kachingwe ka hard drive komasuka. Koma hard drive ikamamveka kugogoda mkati, makina azimitsidwe msanga, chifukwa kuyatsa mobwerezabwereza kumamaliza zomwe zikadapulumuka.

Apa ndi pomwe mawu oti "kufomata" ayenera kukanidwa kaye. Kufomata kumafufuta zonse: ma CV a makasitomala, ndandanda wa angongole, mapangidwe a malisiti omwe adatenga miyezi kukonza. Sikungadzutse kompyuta yomwe vuto lake ndi fyuzi, RAM kapena power supply. Ngakhale pomwe Windows yawonongekadi, wokonza wodziwa ntchito amayamba watulutsa mafayilo polumikiza hard drive ku kompyuta ina. Wofulumira kufomata asadafunse zomwe zili mkatimo akufuna ntchito yosavuta kwa iye, osati yothandiza mwini wake.

Okonza makompyuta ali ndi dandaulo lawo lomveka. Amati eni makina ambiri amaonjeza vuto pogwiragwira zomwe sakuzidziwa, kuthyola tizingwinjiri ndi kupinda mapini, kenako n'kubwera makina ataipiratu. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake malire ayenera kudziwika. Zingwe, fyuzi, RAM ndi kabatire ndi za mwini shopu. Fungo la kupsa, timigolo totupa pa motherboard, kapena makina ozima okha pakangopita mphindi zochepa ndi za mmisiri. Kompyuta yomwe ikadali pa waranti isatsegulidwe n'komwe.

Wopita kwa mmisiri atayeza kale zinthuzi amakambirana mtengo ali ndi poimira. Alembe kukula kwa RAM ndi hard drive asadasiye makina, agwirizane mtengo ntchito isadayambe, ndipo apemphe kuti chipangizo chilichonse chochotsedwa abwerere nacho. Mmisiri wachilungamo sakhumudwa ndi zimenezi.

Chotchipa kuposa zonse ndi kupewa. Amalonda sadaiwale mdima womwe udatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130. Makina ambiri amavulala pomwe magetsi akubwerera kapena jenereta ikulizidwa kumene. Magetsi akathima, pulagi izulidwe ndipo ibwezedwe akakhazikika. Ziphaliwali zikayamba, chimodzimodzi. UPS, ngakhale yaing'ono, imapereka mphindi zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino, pomwe ekisitenshoni wamba siiteteza chilichonse ngakhale itakhala ndi kanyali kofiira. Bokosi lisakhale pansi pomwe tsache limaponyera fumbi, ndipo mafayilo ofunika akopedwe pa fulashi kapena pa Google Drive sabata iliyonse.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Theka la ola loyeza soketi, chingwe ndi RAM likhoza kupulumutsa ndalama ya lendi ya mwezi umenewo.