Mapointi a moko asatinamize

Zotsatira za mayeso a moko zikangotuluka, makolo a ana a Fomu 4 amakhala ndi funso limodzi: "Wapeza mapointi angati?" Funsoli limandidetsa nkhawa, chifukwa nambala imodziyo imabisa zambiri.

Pa mayeso a MSCE, 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, pomwe 9 ndi kulephera. Mapointi amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6. Tsono taonani ana awiri awa. Wina wapeza 2 pa maphunziro asanu koma 7 pa Chingerezi, mapointi 17. Mnzake wapeza 3 pa onse, mapointi 18. Nthungululu zidzalirira woyambayo. Komatu mayunivesite a boma amafuna makirediti 6, ya Chingerezi ili momwemo, ndiye amene angapikisane nawo pa chisankho cha NCHE ndi wachiwiriyo. Nayenso wofuna za udokotala ku KUHeS adziwe kuti maso adzakhala pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, ngakhale kwinako atakhoza chotani.

Ndipo moko si MANEB. Moko amachonga aphunzitsi okudziwa. Ena amaumira malikisi dala kuti uchite mantha ulimbikire, ena amapatsa mowolowa manja poopa kukufooketsa. Nthawi zina mafunso amangochokera m'mitu imene mwaphunzira kale, pamene pepala la MANEB limatenga silabasi yonse, ndipo wolichonga sadziwa nkhope yako. Giredi ya moko ndi yongoyerekeza, ikhoza kukwera kapena kutsika. Zimandipweteka kuona mwana wanzeru atataya mtima chifukwa cha 8 wa Masamu pa moko, kukadali miyezi yoti akonze.

Phindu la moko lili m'pepala lochongedwalo. Mwanawe, litenge, ukhale nalo pansi. Kodi malikisi anathawira pati? Sunaudziwe mutuwo, sunamvetse funso, kapena nthawi inakuthera? Matenda atatuwa ali ndi mankhwala osiyana. Ukatero, yamba ndi phunziro limene lili pa 7, ulikokere pa 6, usanavutike kusandutsa 2 kukhala 1.

Aphunzitsi, chonde bwezani mapepala a moko msanga ndipo muwaunike pamodzi ndi ana m'kalasi. Inunso makolo, musanafunse za mapointi, funsani kaye giredi ya Chingerezi.