KUFUNSIDWA SINDIKO KUBVOMERA: ZA MAU AWIRI A CINGEREZI

Kwa Mafumu, eni dziko, ndi kwa ziwalo zonse za Bungwe lathu:

Tisanasonkhane, tifuna kuika pamaso panu mau awiri a Cingerezi opezeka kawirikawiri m'makalata a Boma ndi a makampani ofuna malo. Mauwo ndiwo "consult" ndi "consent". M'khutu la munthu wosazolowera amveka ngati amodzi, ndipo omasulira ena pabwalo angowaphatikiza, nati, "Akuti anapangana nanu." Ife tinena kuti mau awa ali otalikirana ngati mwini munda ndi mlendo wopita m'njira.

"Consult" ndiko kufunsa maganizo. Munthu afunsa mnzace nzeru, namvetsera, napita kukacita monga afuna yekha, ndipo palibe mlandu. "Consent" ndiko kubvomera, kapena kulola. Ukakana, cinthuco sicicitika. Sing'anga wa kucipatala angathe kufunsa anzace za matenda anu, nasiya uphungu wao. Koma sangakung'ambeni ndi mpeni inu muli maso osalola. Taonani kumene kuli mphamvu: pa "consult" wocita nchito ndiye wofunsayo, pa "consent" wocita nchito ndiye wofunsidwayo.

Makolo athu anadziwa kusiyana kumeneku. Mnyamata akatuma nkhoswe kukafunsira mbeta, eni mbumba nakana, iye nadza usiku natenga mkaziyo, kodi pabwalo adzapulumuka ponena kuti, "Ndinafunsa"? Iai. Mfumu iri yonse idzamuuza kuti kufunsira sindiko kupatsidwa. Nanga cimene sitilola pa ukwati, tililoleranji pa dziko?

Mbiri yathu icitira umboni. M'caka ca 1938 Boma la ku England linatuma Lord Bledisloe ndi anzace kudzafunsa ngati Nyasaland aphatikizidwe ndi maiko awiri a Rhodesia. Mafumu ndi mabungwe a eni dziko anakana, cifukwa ana ao ogwira nchito ku Southern Rhodesia anaona okha malamulo a citupa ndi kulandidwa kwa malo. Lipoti la 1939 linalemba kukanako, ndipo nkhani inagona. M'caka ca 1951 James Griffiths, nduna yoyang'anira maiko a pansi pa Britain, anayenda m'dziko muno kufunsanso, anthu nakananso. M'caka ca 1953 mafumu ena anapita okha ku London kukadandaula kwa Mfumukazi. Sanaloledwa kuonana nayo, koma anaonana ndi Oliver Lyttelton, nabwerera manja ali m'khosi. Caka comweco Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikika.

Tsono penyani cimene cinacitika kutsidya kwa Zambezi. M'mwezi wa April 1953 oponya voti a ku Southern Rhodesia, amene pafupifupi onse anali Azungu, anapatsidwa cisankho ca kubvomera kapena kukana Citaganya. Iwo anapemphedwa "consent". Ife tinapatsidwa "consult". Nkhani inali imodzi, koma mau anali awiri, ndipo anagawidwa monga mwa khungu.

Cotuluka cace mucidziwa. Inkosi Philip Gomani wa ku Ncheu anacotsedwa pa ufumu mu 1953 cifukwa ca kutsutsa, namwalira mu 1954. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya cipolowe. Anthu ngati 50 anaphedwa, ndi oposa 1,000 anatsekeredwa. Oweruza Devlin, wotumidwa ndi Boma lomwelo kudzafufuza, anapeza kuti kukana Citaganya kunali kwa anthu pafupifupi onse, cimene mafumu ananena kale popanda mwazi. Citaganya cinatha pa 31 December 1963. Mau a akulu akoma akagonera. Koma pano anagonera zaka khumi, ndi manda pamwamba.

Alipo ena pakati pathu amene ati, "Musanyoze kufunsidwa, kale sanali kutifunsa konse." Tibvomera. Safunsa anadya phula, ndipo Boma lofunsa liposa Boma losafunsa. Atinso, "Ngakhale mfumu ifunsa nduna zace, nigamula yokha." Izinso nzoona pa mlandu wa mbuzi kapena pa tsiku la kulambula mseu, pakuti zimenezi zikalakwika zikonzeka mawa. Koma malo akapita sabwera msanga. M'zaka za 1892 kufikira 1894 Harry Johnston anapatsa Azungu makalata a umwini pa malo akuru a ku mapiri a Shire, potsata mapangano a nsaru ndi mikanda amene mafumu ambiri sanazindikira tanthauzo lace. Pa malo amenewo panamera thangata, ndipo adzukulu a ku Thyolo ndi ku Mulanje akali kulira kucepa kwa minda. Cinthu cosabwezeka cifuna "consent", sicikwanira ndi "consult".

Maiko a dziko lapansi anafika pa nzeru yomweyi. Cikalata ca United Nations ca 2007 conena za ufulu wa mitundu ya eni nthaka citi anthu asacotsedwe pa malo ao popanda cilolezo cao; ndipo cilolezoco cikhale caufulu, coperekedwa nchito isanayambe, anthu atauzidwa zonse. Ngati mitundu inaona kuti kuyenera kulemba mau amenewa mosamala cotero, ife tisawayese cabe.

Ndipo inu Mafumu, mutilole tinene mwaulemu mau amodzi olasa kwathu komwe. Mpeni uwu uli wakuthwa konse konse. Mfumu ikaitana anthu pansi pa mkuyu, nimva kukana kwao, nipita kuseri kukaika cidindo pa kalata ya mlendo, yacita kwa ana ace cimene Lyttelton anacita kwa makolo ace. Mfumu isunga malo, koma mwini munda ndiye mbumba yolimapo. Malamulo a malo a 2016 anaika makomiti a malo m'midzi, momwe muli amai ndi abambo, kuti nkhani yotere isathere m'nyumba ya munthu mmodzi.

Cifukwa cace tipempha kuti pa msonkhano ukudzawu tipangane zinthu zinai. Coyamba, kalata iri yonse ya Cingerezi yokhudza malo iwerengedwe poyera m'cinenero cathu, ndipo womasulira achule kuti mau olembedwa ndi ati mwa awiriwa. Caciwiri, mlendo akafika tiyambe kumfunsa kuti, "Tikakana, mudzaleka kodi?" Akati iai, tidziwe kuti wadza kudzatiuza cabe. Cacitatu, tisalembe maina athu pa pepala la ofika pa msonkhano popanda kulembapo ngati tabvomera kapena takana, pakuti maina a ongofika asanduka mawa umboni wa cilolezo. Cacinai, mlembi wa mudzi asunge kalata yace ya zonse zonenedwa.

Bwerani nonse, ndipo amene ali nao makalata otere abwere nao, kuti tiwawerenge pamodzi.

Ndife anu m'nchito ya dziko,
Akuru a Bungwe.