Makiyi atatu a banki mkhonde ndi pini ya gulu lathu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana athu amene tsopano muli ndi ndevu ndi mabanja anuanu, lero tikambirane kanthu kamene timakaona ngati kachabechabe: kodi pasiwedi ya gulu amasunga ndani?

Masiku ano n'zosowa kupeza sekondale kuno ku Dowa kapena ku Ntchisi yopanda gulu la ophunzira akale. Gululo lili pa WhatsApp, lili ndi tsamba pa Facebook, imelo yolemberana ndi akufuna kwabwino, ndiponso nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene timasonkherako za madesiki, za fizi ya ana ovutika ndi za chipepeso. Oyendetsa zonsezi ndi ongodzipereka, salandira kanthu. Ndiye pasiwedi imayenda njira ziwiri. Pena munthu mmodzi, kawirikawiri mnyamata "wodziwa za makompyuta", amasunga zonse m'mutu mwake. Pena pasiwedi imodzi imangoponyedwa pa gulu la komiti, aliyense n'kuidziwa, kuphatikizapo mphwake wa msungichuma amene amabwereka foni kuti aonere mpira. Ine ndikuti njira zonse ziwirizi n'zowola, ndipo amayi a banki mkhonde anatiposa nzeru kalekale.

Pitani mukaone pamene akumana ku Mponela, ku Mvera kapena ku Malomo. Bokosi lachitsulo lili ndi maloko atatu. Makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Wosunga bokosi kunyumba kwake alibe kiyi ngakhale mmodzi. Bokosilo silitsekulidwa kuseri, limatsekulidwa pamaso pa gulu, ndalama n'kuwerengedwa mokweza. Njira imeneyi anaiyambitsa a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo inafika kuno n'kumera mizu. Ambiri mwa amayiwa sanafike Fomu 2, koma anazindikira kuti wosunga chuma, wotsekula ndi wolemba asakhale munthu mmodzi. Ife a madipuloma tikangogwira foni, nzeru imeneyi imatithawa.

Tiyambe ndi njira ya munthu mmodzi ija. Ife aphunzitsi timadziwa kuti kalata yosamutsa sigogoda. Lero uli pa Madisi, teremu yamawa uli ku Nsanje. Anyamata athu amapita ku Joni, nambala yakuno n'kufa. Ndipo tisaope kutchula, anthu timamwalira. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa m'dzina la munthu ndi chiphaso chake cha unzika. Izi zikutanthauza kuti nambala imene ife timaitcha "ya gulu", ku kampani ya mafoni ndi ya uje mwana wa uje, basi. Gulu lina limene ndikulidziwa linataya tsamba lake ndi zithunzi za zaka zambiri chifukwa amene analitsekula anakangana ndi wapampando n'kuzimitsa foni. Panalibe kuba kulikonse. Kungoti denga lonse linasenzedwa ndi mutu umodzi.

Njira yachiwiri imaoneka yaubale, koma ndi imene imadanitsa anthu koposa. Anthu 7 akamalowa ndi pasiwedi imodzi, tsiku limene ndalama zasowa kapena uthenga wonyoza walembedwa m'dzina la gulu, onse 7 ndi oganiziridwa ndipo palibe angadziyeretse. Wakubayo amabisala pakati pa anzake, wolungama n'kumayenda ndi manyazi pa msika. Kumbukirani Cashgate mu 2013. Ndalama zinkalipidwa kudzera pa makompyuta a boma a IFMIS, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa, ndipo kafukufuku woyamba wa a Baker Tilly anapeza kuti zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Pa nkhani zotere funso loyamba la wofufuza ndi lakuti: analowa ndani, nthawi yanji? Ngati khomo ndi limodzi ndipo kiyi ali ndi aliyense, funsoli lilibe yankho, kaya ndi ku Capital Hill kaya ndi pa gulu losonkhera madesiki 40.

Ndikudziwa zimene ena anene. "Aphunzitsi, mukutikayikira? Tonsefe tinadyera mbale imodzi ku hositelo." Ayi, achimwene, sindikukayikirani. Amayi a banki mkhonde aja amapemphera mpingo umodzi, amalirana maliro, koma maloko ndi atatu ndithu. Loko amateteza msungichuma wokhulupirika ku miseche kuposa mmene amatetezera ndalama kwa wakuba. Komanso mdani nthawi zambiri sali m'komiti. Ndi uja amaimba foni mwaulemu kuti ndi wa ku kampani, mum'patse pini "kuti akonze akaunti yanu". Ndi uja amakupemphani manambala 6 amene WhatsApp yangokutumizirani, mukam'patsa n'kulanda akaunti yanu, n'kuyamba kupempha ndalama kwa gulu lonse m'dzina lanu. Pasiwedi ikakhala m'mafoni 7, iye amangofuna mmodzi wogona tulo.

Nanga tichite bwanji? Pamene zida zikulola, aliyense akhale ndi kiyi wakewake. Tsamba la Facebook limalola oyang'anira angapo, aliyense kulowa ndi akaunti yake, kotero palibe chifukwa chobwerekana pasiwedi. Gulu la WhatsApp likhale ndi ma adimini atatu, osati mmodzi, osatinso komiti yonse, ndipo aliyense wa iwo aike pini ija ya manambala 6 yotchingira kachiwiri. Ndi ntchito yosatha ngakhale nthawi ya buleki.

Pa ndalama m'pamene pafunika kudekha, chifukwa nambala ya pafoni ili ndi pini imodzi yokha. Tengerani bokosi lija. Simukhadi ikhale m'kafoni kakekake kwa msungichuma, pini idziwike kwa anthu ena awiri, ndalama zituluke pokhapokha akumana, ndipo uthenga uliwonse wa ndalama zolowa ndi zotuluka uonetsedwe ku gulu tsiku lomwelo. N'zotopetsa, inde, makamaka dzinja pamene misewu ya kumapiri kuno yasanduka phala. Koma zikakula, zisagonere pafoni. Zipite ku akaunti ya ku banki ya dzina la gulu, yosainira anthu awiri. Ndipo chonde, pini isakhale 1234 kapena chaka chimene sukulu inatsekulidwa, chimene chalembedwa pa chikwangwani pamsewu.

Zotsala zimene sizingagawike, monga pasiwedi ya imelo ndi manambala 10 apadera amene Google imapereka kuti mulowere foni ikatayika, tizichite monga timachitira mayeso. Ife tonse tayang'anirapo mayeso a MANEB. Envulopu imabwera yomata, imaonetsedwa kwa olemba kuti sinang'ambidwe, kenako n'kutsekulidwa pamaso pawo. Tinaonanso mu 2020 zimene zimachitika chinsinsi chikabooka: mayeso a MSCE anathetsedwa mu Novembala, ana n'kulembanso mu Januwale 2021. Choncho lembani pasiwedi papepala ndi cholembera, osati pa WhatsApp, ikani mu envulopu, matani, anthu awiri asaine pomatapo, isungidwe ndi wina amene sayendetsa nawo zinthuzi tsiku ndi tsiku. Ikatsekulidwa, pasiwedi isinthidwe, envulopu ina imatidwe.

Pomwe timafooka kwambiri ndi pa kusintha komiti. Timapatsana buku la ndalama, chidindo ndi mafayilo, timaomba m'manja, timamwa fanta, koma wotuluka amapita kwawo akadali adimini, pini akuidziwabe. Kum'chotsa patapita miyezi kumaoneka ngati mlandu, ndiye timangosiya. Zilembedwe m'malamulo a gulu kuti tsiku lopatsana maudindo ndi tsikunso losintha mapasiwedi onse, wotulukayo ali pompo, iye mwini n'kudzichotsa pa u adimini anzake akuona. Alembi a magulu, ikani mfundo imeneyi pa ndondomeko ya msonkhano ukubwerawu, pamwamba pa nkhani ya mayunifomu a timu.