NJINGA YAMAKONO ILANDIRIDWE, KOMA YACHITSULO ISATAYIDWE

M'mizinda ndi m'maboma a dziko lino mukuoneka njinga zakapalasa za mtundu watsopano, zopepuka ndiponso zokhala ndi magiya ambiri, zimene eni ake amazitcha haibulidi. Zina zimagulidwa zatsopano m'masitolo, zina zimabwera ngati kaunjika kuchokera ku Ulaya ndi ku Japan. Aphunzitsi, makalaliki, alangizi a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi ena ayamba kutsamira njinga zao zachitsulo kukhonde ndi kukwera zatsopanozi. Nyuzipepala ino ikuona kuti kusintha kumeneku n'kwabwino, koma kukufunika kuchitika mwanzeru, chifukwa ndalama zimene zikulowa pamenepa n'za mabanja ndiponso nthawi zina n'za boma.

Njinga yachitsulo ili ndi mbiri yoyenera ulemu. Maonekedwe ake anayamba m'chaka cha 1885 pamene John Kemp Starley wa ku Coventry, ku Mangalande, anapanga njinga ya magudumu awiri ofanana yoyenda ndi tcheni, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa tayala lopopa mpweya. Kampani ya Raleigh ya ku Nottingham, imene inagula dzina la Humber mu 1932, inatumiza njinga zotere ku maiko ambiri a mu Afirika, kuphatikizapo Nyasaland. Pambuyo pake zinatsatira za Hero zochokera ku India ndi za Phoenix zochokera ku China. Njinga zimenezi ndizo zinanyamula amesenjala ndi makalata a kwa DC, aphunzitsi popita kukalandira malipiro kuboma, alimi ndi matumba a mtedza popita kumsika, ndi odwala popita kuchipatala. Ngakhale Raleigh inaleka kupanga njinga ku Nottingham mu 2002, Humber wa agogo adakayendabe m'midzi ina kufikira lero.

Haibulidi ndi mwana wobadwa mochedwa. Inayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene opanga njinga anatenga magudumu akuluakulu opepuka a njinga zothamangitsa pa tala, n'kuwaphatikiza ndi mahandulo oongoka ndi magiya a njinga zokwerera mapiri zimene zinayambira ku California. Dzina lake silachilendo kwa Amalawi, pakuti ndi lomwelo la chimanga cha haibulidi: mitundu iwiri kuikwatitsa kuti pabadwe mtundu umodzi wotenga zabwino za mbali zonse.

Ubwino wake sungabisike. Njinga yachitsulo imalemera makilogalamu 20 kapena kupitirira, pamene haibulidi yambiri imalemera pakati pa 11 ndi 15, chifukwa fulemu yake kawirikawiri ndi ya aluminiyamu. Yakale ili ndi giya imodzi, kotero kuti pa zitunda za ku Dedza, Ntcheu, Thyolo ndi Zomba mwini wake amatsika ndi kuikankha. Yatsopano, imene nthawi zambiri imakhala ndi magiya 21 kapena 24, imamfikitsa pamwamba ali pachishalo. Mabuleki a ndodo zachitsulo ogwira pa limu yachitsulo amaterereka mvula ikagwa, ndipo aliyense amene anatsikapo phiri m'dzinja akudziwa mantha ake. Mabuleki amakono amagwira msanga ngakhale limu itanyowa. Mlangizi amene ayenera kuyendera midzi isanu pa tsiku, kapena kalaliki wochokera ku Area 25 kupita ku Capital Hill, amafika nthawi yabwino ndiponso ali ndi mphamvu zogwirira ntchito. Popeza petulo ndi dizilo zimabwera kuchokera kunja, makamaka kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo zimalipiridwa ndi ndalama zakunja, wogwira ntchito amene wasankha kupalasa m'malo moyenda pa galimoto wathandiza dziko lake.

Komabe akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pali zinthu zinayi zimene wogula ayenera kuzidziwa asanatulutse ndalama.

Choyamba ndi katundu. Keliyala wamba wa haibulidi amapangidwira makilogalamu 25 okha, limene ndi theka la thumba la chimanga kapena la feteleza. Magudumu ake opyapyala sangapirire matumba awiri a makala, mtolo wa nkhuni, kapena munthu wamkulu wokhala kumbuyo. Ndicho chifukwa chake akabaza a ku Salima, Liwonde ndi Nsanje sanaitaye njinga yachitsulo. Ndicho chifukwa chakenso bungwe la World Bicycle Relief, limene linakhazikitsidwa mu 2005, popanga njinga ya Buffalo yoti igwire ntchito m'midzi ya mu Afirika, linasankha chitsulo ndi keliyala wonyamula makilogalamu 100.

Chachiwiri ndi kukonza. Fulemu yachitsulo ikapindika imaongoleka, ikathyoka wowotcherera wa pamsika uliwonse amailumikiza tsiku lomwelo. Aluminiyamu sawotchereka ndi makina wamba amene ali pa misika yathu. Amafuna makina apadera ndi luso lapadera, ndipo fulemu yotere ikachita mng'alu kawirikawiri ulendo wake wathera pomwepo. Kachitsulo kosinthira magiya kamalendewera pafupi ndi nthaka, ndipo njinga ikangogwa chakumanja kamapindika. Tcheni cha magiya ambiri n'chopyapyala kuposa chakale, chimatha msanga m'fumbi ndi mumchenga chikapanda kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta, ndipo chikatha chimadyanso mano a magiya.

Chachitatu ndi matayala, ndipo apa pali msampha umene wakola anthu ambiri. Tayala la njinga yakale ndi la haibulidi onse angathe kulembedwa nambala 28, koma limu yakale ndi ya mamilimita 635 pamene yatsopano ndi ya 622. Kusiyana kwa mamilimita 13 kumeneku n'kokwanira kuti tayala la imodzi lisalowe pa inzake. Nawo mavavu a machubu ndi osiyana, kotero kuti pampu imene yakhala pakhomo zaka zambiri mwina singagwire ntchito. Munthu amene ali ku Nthalire kapena ku Makanjira ayenera kufunsa kaye ngati tayala, chubu ndi masipoko a njinga yakeyo zimapezeka pa sitolo yapafupi. Safunsa anadya phula.

Chachinayi ndi mtengo. Zipangizo zonsezi zimaitanitsidwa kunja, ndipo pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wotere inakwera nthawi yomweyo. Mtengo weniweni wa njinga si wa tsiku logula lokha. Ndi wa zaka zonse zimene idzakhale pa msewu.

Pamenepa mbiri ya chimanga ili ndi phunziro. Kwa zaka zambiri alimi ankakayikira haibulidi ngakhale ankaona kuti amabereka kwambiri, chifukwa anankafumbwe ankamuwononga msanga m'nkhokwe ndipo ankaphwanyika posinja mumtondo. Alimiwo sanali osamva. Ankadziwa zofuna za pakhomo pao. Zinthu zinayamba kusintha mu 1990 pamene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18, zolimba njere ngati chimanga cha makolo. Chatsopano chinalandiridwa chitagwirizana ndi moyo wa anthu, ndipo mabanja ambiri anapitiriza kubzala mitundu yonse iwiri. Nkhani ya njinga iyenera kuyenda chimodzimodzi.

Chotero udindo waukulu uli m'manja mwa akuluakulu a m'maofesi amene amagula njinga za ogwira ntchito. Asanasaine pepala lililonse ayenera kufunsa kuti njingazo zikayenda kuti, zikanyamula chiyani, ndipo zikaonongeka adzazikonza ndani. Kumene ntchito ndi yoyenda mtunda wautali ndi chikwama cha mabuku, haibulidi ndiyo yoyenera. Kumene kuli katundu, mchenga ndi misewu ya maenje, yachitsulo ikhalebe. Njinga zikamagulidwa, matayala, machubu, matcheni ndi mawaya a mabuleki zigulidwire limodzi. N'zomvetsa chisoni kuona njinga zogulidwa ndi ndalama za misonkho zitaunjikidwa kuseri kwa ofesi chifukwa chosowa kachipangizo kamodzi, pamene ana kumudzi akudikira katemera.

Atsogoleri a chipani m'nthambi, m'madera ndi m'maboma nawonso ali ndi mbali yao. Alimbikitse amisiri okonza njinga pansi pa mitengo ya m'misika kuphunzira kusintha magiya ndi mabuleki amakono, ndipo alimbikitse achinyamata kulowa ntchito imeneyi, pakuti ili ndi tsogolo. Akumbutsenso okwera onse kuti njinga yothamanga imafuna mwambo wa pamsewu woposa kale: kuyenda kumanzere, kukhala ndi nyale ndi zonyezimira usiku, ndi kupewa mowa.

Kwa amene wagula kale yatsopano, langizo ndi lakuti yakale isagulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha. Ithiridwe girizi, iikidwe matayala, ipatsidwe kwa mwana wopita kusukulu yoyendera kapena kwa mai opita kuchigayo. Yatsopano ipite kuntchito, yakale ipite kumunda, ndipo banja lidzakhala litapindula kawiri.