NKHUKU YODYA GAGA YEKHA SIIKIRA

Alimi ambiri a m'maboma a Machinga ndi Balaka akhala akudandaula kuti nkhuku zawo zimasiya kuikira dzuŵa likafika poŵamba m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Ena amati mtundu wa nkhukuzo ndi woipa, ena amati zalodzedwa. Koma choona chake n'chakuti nkhuku zambiri zimagona ndi njala ngakhale m'chodyera muli gaga.

Gaga ndi wabwino, koma payekha sakwanira. Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 okha pa tsiku, ndipo m'chakudya chochepacho muyenera kupezeka mphamvu zoyendetsera thupi, zomanga thupi zokwana magawo 16 pa 100 alionse, ndiponso kashiamu wokwana pafupifupi magalamu 4 wopangira chigoba cha dzira. Kukatentha monga kumachitira ku Liwonde, ku Utale ndi ku Phalula, nkhuku imachepetsa kudya. Tsono ngati chochepa chimene yadyacho chili makoko okhaokha, thupi limayamba ladzisamala lokha, mazira n'kutha.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zonse zimene nkhuku ikusoŵa zili pakhomo pa mlimi yemweyo. Chimanga chogaya ndi mapira zimapatsa mphamvu. Soya wokazinga, zotsala pofinya mafuta a mpendadzuŵa ndi zinyenyeswa za matemba a ku Chilwa zimamanga thupi. Soya wosakazinga ndiye amaletsa chakudya kugayika bwino. Zigoba za mazira ndi za nkhono zowotcha ndi kusinja zimalimbitsa dzira, monganso ufa wa miyala yosawotcha ya laimu yonga ija ya ku mapiri a Chenkumbi. Masamba aŵisi ndi madzi ozizira a pamthunzi safuna ndalama ayi.

Ena adzanena kuti munthu sangapatse nkhuku chimanga pamene ana ake alibe nsima. Mawu ameneŵa ndi oona, makamaka kwa anthu amene anaona namondwe wa Freddy mu 2023 ndi chilala cha 2024. Koma yankho lake si kusunga nkhuku makumi asanu zanjala. Yankho ndi kusunga khumi zodya bwino. Nkhuku yachikuda yongodzitolera imaikira mazira osapitirira 50 pa chaka, pamene yachizungu yosamalidwa imafika 280. Nkhuku za Mikolongwe, zimene Boma linafalitsa m'midzi kuchokera ku Chiradzulu kwa zaka zambiri, nazonso zinakhumudwitsa okhawo amene anaziŵeta ngati nkhanga zakutchire. Walira mvula walira matope: wofuna mazira avomere kudyetsa.

Nkhaniyi ikukhudza mtundu wonse. Kafukufuku wa Boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira. Dzira ndi ndiwo yanyama imene banja losauka lingadye popanda kupha chiŵeto. Chikhulupiriro chakuti mayi woyembekezera asadye mazira chilibe maziko ndipo chiyenera kutheratu.

Choncho atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera asalankhule za chitukuko pamsonkhano pokha. Apampando, atsogoleri a Amayi ndi a Achinyamata akhale oyamba kumanga khola labwino, kukazinga soya ndi kutemera nkhuku zawo katemera wa chitopa, pakuti chakudya sichichiza mliri. Alangizi a ziŵeto atuluke m'maofesi akaonetse anthu kasakanizidwe ka chakudya ndi manja awo. Mafumu alangize anthu awo kuti pokolola asagulitse soya ndi gaga yense kwa ogula oyendayenda, amene adzawagulitsanso zomwezo pamtengo wokwera m'mwezi wa Januwale.

Mtsogoleri amene nkhuku zake zikuikira m'nyengo ya dzuŵa safunika kulankhula zambiri. Anthu a m'mudzi mwake adzabwera okha kudzafunsa.