ZA UMOYO WATHU: Kabaluni m'kholingo la mwana wosabadwa

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi adziwa kuti m'kati mwace muli khoma lopyapyala la mnofu, lolekanitsa mapapo ndi mtima kumwamba, matumbo ndi ciwindi kunsi. Munthunso ali nalo khomali, ndipo limamangika mimba isanakwane miyezi itatu. Koma pa ana 3,000 kapena 4,000 alionse, mmodzi khoma lace limatsala ndi ciboo, kawirikawiri kumanzere. Pamenepo matumbo ndi cifu, nthawi zina ndi ciwindi comwe, zimakwera m'cifuwa ndi kupanikiza mapapo, kotero kuti sakula.

M'mimba mwanayo sabvutika, popeza mpweya aulandira kwa amai ace kupyolera mu mcombo. Bvuto lioneka pa tsiku lobadwa: apuma mobanika, thupi libiriwira, kamimba kali kophwa. M'George muno monganso kumudzi, zikatere anthu athamangira kunena za ufiti, kapena kuti mai kaya bambo sanadzisunge. Kumeneko ndi kunamizira anthu osalakwa.

Kusoka ciboo mwana atabadwa madotolo anakudziwa kale. Cimene cimatsiriza ana ndico kucepa kwa mapapo, ndipo ndico cace akatswiri anafuna njira yowakulitsa mwana akali m'mimba. Dotolo Michael Harrison wa ku San Francisco anayesa kung'amba ciberekero ndi kusoka khomalo, koma njirayo inali yoopsa kwa mai. Pambuyo pace Jan Deprest wa ku Leuven m'dziko la Belgium, ndi anzace Kypros Nicolaides wa ku London ndi Eduard Gratacos wa ku Barcelona, anatsata nzeru yina. Mapapo a mwana wosabadwa amapanga madzi amene amaturukira kukholingo. Mukatseka kholingolo madzi aja adzaza m'kati, mapapo afufuma ndi kuyamba kukula. Tsono iwo alowetsa kapaipi konga udzu, kokhala ndi kamera, pa mimba ya mai kufikira m'kamwa mwa mwana, nasiya kabaluni m'kholingo mimba iri ndi masabata 27 mpaka 29. Pa masabata 34 akacotsa, cifukwa mwana wobadwa nako sangapume.

M'caka ca 2021 anafalitsa zimene anapeza pa azimai 80 a ana odwalitsitsa. Mwa ana 40 oikidwa kabaluni anapulumuka 16. Mwa 40 osaikidwa anapulumuka 6 okha. Nzosangalatsa, komabe tisaiwale kuti 24 anatisiya ndithu, ndiponso atatu mwa anai alionse oikidwa kabaluni anabadwa masiku asanakwane. Maiyo ayeneranso kukhala pafupi ndi cipatala codziwa kukacotsa msanga, usiku kapena usana. Nchito yotere icitika m'zipatala zowerengeka, makamaka za maiko olemera.

Nanga ife? Cathu ndico kudziwiratu. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza mu 2016 kuti mai aliyense aunikidwe mimba ndi makina a sikani masabata 24 asanakwane, ndipo aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu. Sikani imatha kuonetsa cifu ciri m'cifuwa, mtima utakankhidwira kumbali. Mai wa m'George amene wayamba sikelo msanga pa kiliniki, akapezeka ndi zotere angatumizidwe kudzera pa cipatala ca Matero kufikira ku UTH, kumene kuli cipinda ca makanda odwalitsa ndi madotolo a opareshoni ya ana. Wa ku Katete kapena ku Lundazi ulendo wace ndi wautali, ndiye afunika masabata okonzekera ndalama ndi womdikirira.

Kubadwira pamalo oyenera nkofunika cifukwa ca ici: khanda lobanika amalipopera mpweya pamphuno ndi pakamwa, koma kwa mwana uyu mpweyawo ukalowa m'matumbo aja, atupa ndi kufinyiratu mapapo. Iye afunika kapaipi ka m'kholingo ndi kena kocotsa mpweya m'cifu, atangobadwa. Ciboo amasoka pakapita masiku angapo, mwana atayamba walimba.